Lipoti la thiraki ya Euro VI yomwe inatha mphamvu injini ili yabwinobwino

Galimoto ndi dandaulo lake

Galimoto ya nkhani ino ndi thiraki yokoka ngolo, ija madalaivala amangoti hosi, yopangidwa mu 2015, ya injini ya dizilo ya masilinda 6 ya mulingo wa Euro VI wa malamulo a utsi a ku Ulaya. Inagulidwa ku UK itagwirako kale ntchito. Eni ake ali ndi kampani yaing'ono yonyamula katundu muno mu Blantyre, ndipo dzina lawo ndasiya dala. Ndalemba lipotili chifukwa mathiraki a mtundu umenewu akuchuluka m'magalaja mwathu, ndipo ambiri akumasulidwa injini popanda chifukwa.

Inafika pagalaja pathu ku Makata ikukwawa, osapitirira makilomita 20 pa ola ngakhale inalibe katundu. Adalaivala ake, bambo achikulire amene anayamba ntchitoyi nthawi ya injini zopanda kompyuta, anafotokoza motere: "Amisiri, galimotoyi siikugogoda, siikutentha, siikudya oyilo, utsi wakuda mulibe. Koma mphamvu yatha. Inayamba ndi kulemera pokwera kuchokera ku Zalewa, lero yakaniratu." Pa dashibodi panayaka nyali ya injini, ya DPF (sefa yogwira mwaye wa muutsi) ndi ya AdBlue (madzi a mankhwala oyeretsera utsi). Galaja ina inali itasintha kale mafyuluta a mafuta n'kulangiza kuti agule mainjekita atsopano ndi turbo.

Mbiri ya kagwiridwe kake ka ntchito

Ndisanalumikize kompyuta yoyezera ndinakhala kaye pansi ndi adalaivala. Galimoto zamakonozi matenda ake ambiri amachokera ku zimene imadya ndi ntchito imene imagwira, ndipo zimenezo amadziwa ndi woyendetsa.

Ku UK thirakiyi inkayenda mitunda italiitali. Kuno inapatsidwa ntchito ya m'tauni: simenti ndi katundu wa m'mashopu pakati pa Makata, Chirimba ndi Limbe, maulendo afupiafupi, nthawi yambiri ili pamzere kudikira kupakira kapena kutsitsa, injini ikulira. Nthawi ya kusowa kwa mafuta inkagona pamizere ya m'mafilingi siteshoni, ndipo zikavuta ankagula dizilo wa m'zigubu. Oyilo ankatunga mumgolo umodzi ndi mathiraki akale a pakampanipo. AdBlue atakwera mtengo n'kumasowa, wina anawauza kuti si kanthu kena ayi koma feteleza wa urea wosungunula m'madzi, ndiye anayamba kudzipangira okha ndi madzi a pamjigo. Chomaliza anandiuza monyinyirika. Pali batani lina lomwe ankalidina nthawi zonse nyali ya DPF ikayaka, chifukwa injini inkakweza yokha mawu n'kumanunkha kutentha, iwo n'kumaopa kuti galimoto ipsa. Batani limenelo ndi loletsa sefa kudziyeretsa.

Zida zomwe zili kuseri kwa injini

Utsi wa dizilo uli ndi adani awiri akuluakulu. Woyamba ndi mwaye, tinthu ting'onoting'ono takuda tomwe timalowa mpaka mkati mwenimweni mwa mapapo. Wachiwiri saoneka: mipweya ya NOx, yomwe imapangika moto ukatentha kwambiri musilinda. Chovuta n'chakuti ukawotcha mafuta bwino kuti mwaye uchepe, NOx imachuluka. Ukaziziritsa moto kuti NOx ichepe, mwaye umachuluka. Opanga injini analimbana ndi zimenezi mkati mwa silinda mpaka malamulo anawapanikiza kufika poti ayeretse utsi utatuluka kale.

Malamulo a Euro pa galimoto zikuluzikulu anayamba mu 1992. Euro III ya mu 2000 inkalola magalamu 5.0 a NOx pa kWh iliyonse, womwe ndi muyezo wa ntchito ya injini. Euro IV ya mu 2005 inatsitsa kufika pa 3.5, Euro V ya mu 2008 pa 2.0, ndipo Euro VI, yomwe inayamba mu 2013, inagwetsa mpaka pa 0.4. Mwaye unachoka pa magalamu 0.10 mu Euro III kufika pa 0.01 mu Euro VI. Kuti injini ikwanitse zimenezi, bokosi lalikulu lija la pambali pa chasisi, lomwe ambiri amaliyesa sailensa wamba, lili ndi zida zitatu zotsatizana. Yoyamba ndi DOC, yomwe imamaliza kuwotcha zotsalira za mafuta. Kenako DPF, sefa ya dothi lowotcha yokhala ndi timabowo ngati chisa cha njuchi, yomwe imagwira mwaye. Pomaliza SCR, pomwe AdBlue amapoperedwa muutsi wotentha, n'kusanduka amoniya, amoniyayo n'kusandutsa NOx kukhala nayitrojeni ndi nthunzi ya madzi. Injini ya thirakiyi inalinso ndi EGR, yomwe imabweza utsi wina musilinda kuti moto usatenthe kwambiri.

Lamulo lomwelo linakakamiza opanga galimoto kuika chilango mukompyuta. Ikaona kuti AdBlue watha, ndi woipa, kapena wina wasokoneza zida, imayamba ndi kuchenjeza, kenako imadula mphamvu ya injini ndi 25 peresenti, ndipo ukapitiriza kunyalanyaza imakutsekera pa makilomita 20 pa ola. Kulemera kwa pa Zalewa kuja kunali chilango choyamba. Kukwawa kunali chachiwiri. Injiniyo sinadwale, inkamvera lamulo la ku Ulaya ili pamsewu wa ku Makata.

Zomwe tinapeza

Kompyuta inaonetsa makodi a magulu atatu: AdBlue wosakwana mulingo, SCR yosayeretsa mokwanira, ndi DPF yodzadza kupitirira malire. Makodi a mainjekita kapena turbo munalibe, ndipo titayeza kagwiridwe ka silinda iliyonse zonse zinali zofanana.

AdBlue weniweni ndi 32.5 peresenti urea woyengedwa bwino ndi 67.5 peresenti madzi ochotsedwa mchere wonse, motsatira muyezo wa ISO 22241. Wa muthanki tinamuyeza ndi refractometer, kachipangizo koonetsa kuchuluka kwa urea, ndipo anali wosungunuka kwambiri, kutali ndi 32.5. Pansi pa thanki panali zinyalala zotuwa. Feteleza wa urea amene timathira kuchimanga ndi urea ndithu, pamenepo wolangiza uja sananame. Koma amakhala ndi zina zoonjezera zoti asamagwirane m'thumba komanso mankhwala otchedwa biuret, zomwe kumunda zilibe vuto koma muutsi wotentha zimaundana. Madzi a pamjigo nawo ali ndi laimu ndi miyala ina yosungunuka. Zimenezi zikafika pa SCR zimamatirira pamwamba pomwe pamayenera kugwira ntchito, ndipo sizichokanso ngakhale uwotche chotani. Injekita ya AdBlue inali itatsekeka theka, m'paipi yosakanizira munali chibuma choyera cholimba.

DPF tinaimasula n'kuiona ndi maso. Sinasweke, koma inali yolemera, yodzadza mwaye pamodzi ndi phulusa. Ziwirizi zimasiyana, ndipo amisiri ambiri amazisokoneza. Mwaye umapsa. Thiraki ikamakoka katundu ulendo wautali, utsi umatentha madigiri 250 mpaka 400 ndipo mwaye umapsa wokha pang'onopang'ono dalaivala osadziwa n'komwe. Zikapanda kutero, kompyuta imathira mafuta oonjezera kuti kutentha kufike cha m'ma 600, ndipo ndi nthawi imeneyo pomwe adalaivala athu ankadina batani lija. Injini yongolira pamzere simatenthetsa utsi kufika pamenepo, choncho ntchito ya m'tauni inkadzadza sefa tsiku ndi tsiku popanda mpata woyeretsa. Phulusa ndiye silipsa. Limachokera ku oyilo. Oyilo wa injini zakale ali ndi zitsulo zambiri zoonjezera, ndipo pang'ono pomwe pamapsa musilinda pamasiya phulusa lomwe limakhazikika m'timabowo mpaka wina alichotse ndi makina. Injini yokhala ndi DPF imafuna oyilo wa phulusa lochepa, wolembedwa ACEA E6 kapena E9, kapena API CJ-4 ndi CK-4, malinga ndi buku la opanga.

Valavu ya EGR inali yomata mwaye wosakanikirana ndi oyilo, yosatseka bwino.

Dizilo wa muthanki ankanunkha parafini, ndipo titamuyeza ndi hydrometer, chida choyezera kulemera kwa zamadzimadzi, anali wopepuka kuposa dizilo wabwino, amene amalemera pakati pa makilogalamu 820 ndi 845 pa malita 1,000. M'kabotolo kolekanitsa madzi munali madzi ndi dzimbiri. Parafini saterera ngati dizilo, pomwe pampu ya injini zamakonozi imakankha mafuta pa mphamvu ya mabar pafupifupi 2,000 ndipo imadalira mafuta omwewo kuti isadyeke. Apa eni ake anachita mwayi, chifukwa mufyuluta simunapezeke tizitsulo.

Nkhani ya sulufule

Pagalaja pakangofika thiraki yotere, mawu oyamba amakhala akuti dizilo wa ku Malawi ndi wakuda. Pali choona pang'ono. Kale dizilo wathu ankaloledwa kukhala ndi sulufule wofika 500 ppm (magawo 500 pa miliyoni), ndipo mu 2017 Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe anatsikira pa 50 ppm, kutsatira maiko a kum'mawa kwa Africa omwe anachita zimenezi mu 2015. Ku Ulaya dizilo wa pamsewu ali pa 10 ppm kuyambira 2009, ndipo injini ya Euro VI inapangidwira ameneyo. Ndiye dizilo wathu wa papampu, ngakhale ali bwino, akhoza kukhala ndi sulufule wochuluka kasanu kuposa amene injiniyi inazolowera. Sulufule amafooketsa DOC ndi SCR, amawonjezera zotsalira musefa, amawononganso oyilo msanga. Koma mbali yaikulu ya sulufule womata pazidazi imachoka utsi ukatentha mokwanira. Kuona kwanga n'kwakuti dizilo wa 50 ppm amafupikitsa nthawi ya sevisi, sapha thiraki m'miyezi yochepa. Chomwe chinagwetsa iyi ndi zigubu, mgolo wa oyilo, feteleza ndi batani lija.

Kukambirana ndi eni galimoto

Nditawawerengera zofunika kugula, anandiyang'ana kanthawi. "Amisiri, anzanu amangochotsa zonsezi n'kuika kachipangizo konamiza kompyuta. Galimoto imathamanga kuposa kale, AdBlue osagulanso. Inu mukufuna mundimalize?"

Sananame, ndipo sindiwaona ngati munthu woipa. Sensa ya NOx, pampu ya AdBlue ndi AdBlue yemweyo zonse n'zoitanitsa kunja, m'dziko lomwe ndalama zakunja n'zosowa. Kuchotsa n'kotchipa lero, ndipo thiraki yochotsedwa zida imayenda. Ndinawayankha kuti, "Bwana, walira mvula walira matope. Munasankha galimoto yosadya mafuta, yamphamvu, ya kabini yabwino. Bokosi ili ndi mbali ya galimoto yomweyo."

Kenako ndinawafotokozera zifukwa zomwe ntchito yochotsa sindiigwira. Ambiri amaganiza kuti ukachotsa zida Euro VI imangobwerera kukhala ngati thiraki yakale. Sizili choncho kwenikweni. Poti opanga ankadalira SCR kuti iyeretsa kumapeto, anaichuna injini kuti iziwotcha motentha kuti isamadye mafuta, ndiye NOx yotuluka musilinda ndi yambiri. Ukachotsa SCR, imatha kufanana kapena kuposa ya Euro III. Ukaboola DPF, mwaye wonse umatuluka, ndipo wa injini zamakono ndi wosalala kwambiri moti diso silimauona bwino, koma ndi umene umalowa patali m'mapapo. Mu 2012 nthambi ya WHO yofufuza za khansa, IARC, inaika utsi wa dizilo m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mapapo. NOx imadzutsa mphumu ndi chifuwa. Amene amapuma utsiwo si mwini thiraki, amene amakhala muofesi. Ndi wogulitsa nthochi m'mbali mwa Masauko Chipembere Highway, wakabaza amene ali kumbuyo kwa ngolo pa Kameza, wapolisi wa pamsewu, odwala ndi owadikirira amene amadutsa pa Ginnery Corner kupita ku Queens. Ndifenso amisiri, amene timaliza injini m'mashedi osapita mphepo.

Utsi wa mu Blantyre si wa mathiraki okha. Makala, zinyalala zowotcha ndi minibasi zotopa zili ndi gawo lalikulu, ndipo wina akhoza kufunsa kuti hosi imodzi isintha chiyani. Yankho langa n'loti minibasi yakale ilibe chida choti uchotse, pomwe thiraki iyi inabwera ndi mankhwala ake kale. Kulipira munthu kuti aipangitse kuipa n'chinthu china. Mu 2015 dziko lonse linadzudzula Volkswagen itapezeka kuti inaika pulogalamu yonamiza oyeza utsi m'galimoto pafupifupi 11 miliyoni. Kachipangizo ka m'magalaja mwathu kamachita zomwezo, kungoti kamanamiza galimoto yeniyeniyo.

Anavomera kuti tikonze, ngakhale sanasangalale.

Zomwe tinachita

Tinakhuthula thanki ya AdBlue, n'kuitsuka pamodzi ndi mapaipi ake ndi madzi ochotsedwa mchere aja timathira mubatire, osati a pampopi. Tinasintha fyuluta ya pampu ndi injekita ya AdBlue. Chibuma cha m'paipi yosakanizira china chinasungunuka ndi madzi ofunda, china chinafuna kupala. DPF tinaitumiza kwa anzathu omwe ali ndi uvuni ndi makina opemerera phulusa. Ndikuchenjeza pano: kuipopera ndi paipi ya potsukira galimoto, monga ena amachitira, kumaumitsa phulusa mkati kapena kuswa timakoma take, ndipo sefa yosweka siikonzeka. EGR tinaitsuka, dizilo yense woipa tinamukhuthula, tinasintha mafyuluta ndi oyilo, n'kulembetsa mukompyuta kuti sefa yayeretsedwa.

Kuwotcha koyamba tinachitira panja, pakonkire, kutali ndi udzu wouma ndi migolo ya mafuta, adalaivala ali pomwepo kuti aone okha kuti phokoso ndi fungo lija si ngozi. Kenako tinapakira katundu n'kutsikira ku Chikwawa, kuti pobwerera tikwere mapiri a pa Thabwa. Kwa ife a ku Blantyre palibe malo oyesera abwino kuposa amenewo: kuchoka m'chigwa cha Shire kufika mumzinda womwe uli pafupifupi mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, injini ikukoka osapuma, utsi uli wotentha njira yonse. Ndinali ndi kompyuta pamiyendo, kuyerekeza sensa ya NOx ya kutsogolo kwa SCR ndi ya kumbuyo.

Mphamvu inabwerera yonse ndipo nyali zinazima. DPF inkapuma bwino. SCR ndi yomwe sinachire kwathunthu: ikatentha imayeretsa mokwanira moti kompyuta siidandaula, koma kusiyana kwa masensa awiriwo n'kochepa poyerekeza ndi mmene ndimaonera pa mathiraki ena a mtundu womwewo. Madzi a pamjigo anasiya chipsera. Ndinawauza eni ake poyera kuti tsiku lina SCR idzafunika yatsopano.

Malangizo omwe tinasiya

Chachikulu chinali kusintha ntchito. Thirakiyi anaichotsa m'tauni n'kuiika pa ulendo wa Mwanza, Tete mpaka Beira, komwe imayenda maola ambiri ikukoka ndipo sefa imadziyeretsa yokha. Pamenepa pali chinthu chomwe sichindikhalitsa bwino: ntchito ya m'tauni inapatsidwa thiraki yakale ya Euro III, yomwe siidandaula mizere. Ndiye kuti malangizo anga anatumiza galimoto yaukhondo kutchire n'kubweretsa yautsi pakati pa anthu. Kwa kampani ndi nzeru, kwa mzinda ayi, ndipo pa ndalama zomwe analipo nazo panalibe njira ina.

AdBlue azigula wa m'zigubu zomata zolembedwa ISO 22241, asamamuthire m'chigubu chomwe munali dizilo kapena oyilo, ndipo azimusunga pamthunzi. Ku Ulaya amadandaula kuti amaundana pa madigiri 11 pansi pa ziro. Kwathu mdani ndi dzuwa, chifukwa pamwamba pa madigiri 30 amayamba kuonongeka, ndipo chigubu chomangirira kuseri kwa kabini mu October ku Tete chimapitirira pamenepo. Ndinawauzanso kuti azilemba AdBlue m'buku limodzi ndi dizilo. Pa malita 100 a dizilo thiraki yotere imamwa AdBlue pafupifupi malita 5. Chiwerengerocho chikatsika mwadzidzidzi, injekita yatsekeka kapena wina wasewera ndi mawaya. Oyilo akhale ndi mgolo wakewake, ndipo nthawi ya sevisi ifupikitsidwe poyerekeza ndi ya m'buku la ku UK. Adalaivala azithimitsa injini pamzere, ndipo batani lija azilidina pokhapokha ali pamalo oopsa moto, monga pa depoti ya mafuta.

Komwe malamulo akulowera

Mathiraki amenewa sasiya kubwera. Mizinda ya ku Ulaya ikuthamangitsa galimoto zautsi; London kuyambira mu 2021 imalipiritsa kwambiri galimoto zikuluzikulu zosafika pa Euro VI, ndipo Euro 7 inavomerezedwa mu 2024. Makampani a kumeneko akamasintha galimoto, zakale zimatsikira kuno, makamaka za ku UK poti chiwongolero chili kumanja ngati zathu. Zaka zapitazo tinkalandira Euro III ndi Euro V, pano pamsika wa zogwiritsidwa kale ntchito padzadza Euro VI. Wogula amayang'ana chaka, makilomita ndi matayala, osafunsa kuti bokosi lija limadya chiyani.

Kufupi kuno, maiko a East African Community anagwirizana mu 2022 za muyezo wa utsi wofanana ndi Euro 4, ndipo mathiraki athu amapita ku Dar es Salaam tsiku lililonse. Zambia ndi Zimbabwe amalipiritsa msonkho wa kaboni pa galimoto zolowa m'maiko mwawo. Kwathu lamulo la zachilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA, ndipo mu 2019 boma linayambitsa msonkho wa kaboni womwe panthawiyo unkawerengedwa potengera kukula kwa injini. Msonkho wotere susiyanitsa thiraki yomwe zida zake zikugwira ntchito ndi yomwe anaziboola, choncho mwini amene akugula AdBlue weniweni sapindula kanthu poyerekeza ndi mnzake. Ndikanafunsidwa, ndikanati ayambe ndi zotchipa: poyeza COF aziona ngati zida za utsi zomwe galimoto inabwera nazo zilipo, a MBS aziyeza AdBlue wogulitsidwa m'mashopu, ndipo a MERA alimbike pa dizilo wosakaniza. Kuona ngati DPF ilipo sikufuna makina odula. Chala chopisa kumapeto kwa paipi ya utsi chimatuluka choyera ngati sefa ili bwino, chakuda ngati anaiboola.

Mmene zilili pano

Thirakiyi yabwerako kusevisi. Nyali sizinayakenso, AdBlue akumwedwa pa mulingo wake, ndipo kupuma kwa DPF sikunasinthe. SCR ili pomwe tinaisiya, sinatsike. Kampaniyo inagulanso hosi ina ya Euro VI, ndipo imeneyo anaipititsa kwina komwe anaichotsa zida isanayambe n'komwe ntchito. Ikuyenda bwino, eni ake akuti akufuna aone pakutha pa chaka kuti yawadyera ndalama zambiri ndi iti. Mtengo wa SCR yatsopano ya thiraki yoyambayo tinawapatsa kale, ndipo oda ikudikira kuti banki iwapatse ndalama zakunja.